Uta wanga unkanjenjemera pagulu mpaka ndinakumana ndi agogo a kaligo

Chaka chatha mu Okutobala tinataya bambo amene ankatitsogolera kwaya kutchalitchi kwathu kuno ku Kasungu. Bambo amenewa ndi omwe anandiumiriza kuti vayolini yanga isamangogona mchikesi kunsi kwa bedi, ndizibwera nayo Lamulungu lililonse, ndiye achibale atapempha kuti nthawi yoona nkhope ndilize nyimbo imene malemuwo ankaikonda, ndinavomera pompo. Nyimboyo ndinali nditailiza kambirimbiri, olo mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kuiliza osaphonya.

Tinapangana kuti mnyamata wa kiyibodi azindiperekeza pansipansi. Koma anthu atangoyamba kundanda magetsi anathima, kiyibodi zii. Malata akutentha, anthu thothotho mpaka pakhomo, chomwe chinkamveka ndi kusisima kwa azimayi ndi mapazi kukhwekhwereza pasimenti basi. Abusa anandiyang'ana nkugwedeza mutu kuti yambani nokha.

Noti yoyamba ya nyimbo imeneyo ndi yaitali, yofatsa, pa nsambo ya D. Ndinaika uta, ndikuti ndiutsitse, utawo unayamba kudumphadumpha pansambo, tututu, mawu nkumatuluka odukaduka. Zala za kumanzere zinali bwinobwino, zikudina pamalo ake, vuto linali mkono wamanjawu. Ndikamati ndiugwire zolimba kuti ukhazikike ndi pomwe unkanyanyira. Nyimbo ndinamaliza, anthu anadutsa onse, bokosi linatsekedwa, panja ena anandigwira chanza kundithokoza. Koma ine zinandikhala pamtima miyezi, chifukwa bambo aja ndinkafuna kuwatsanzika ndi mawu osalala amene iwo eni anandithandiza kuwapeza.

## Malangizo amene sanandithandize

Aliyense amene ndinamufotokozera ankandiuza zomwezomwezo. Osamaopa. Muziyerekeza kuti muli nokha. Wina anati mwina pulakatisi inachepa. Ankandifunira zabwino ndithu, kungoti kuno oliza vayolini ndife owerengeka, munthu akangoiona amayamba kufunsa ngati unaphunzira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, ndiye ofunsa nzeru ndi ochepa. Wagitala kapena wakiyibodi vuto limeneli sangalimvetse bwinobwino, iye akangokhudza waya kapena kiyi mawu atuluka, akudzipitira okha. Ife noti ya masekondi 8 timainyamula ndi mkono masekondi onse 8, ndipo chilichonse chomwe chikuchitika mthupi nthawi imeneyo chimamveka.

Komanso mantha sauzidwa kuti choka. Thupi likangoona kuti maso onse ali pa iwe limatulutsa adrenaline kuchokera ku tiziwalo tomwe tili pamwamba pa impso, mtima nkuyamba kuthamanga, manja thukuta, minofu nkukungika. Dzanja la munthu aliyense, olo wodekha chotani, limanjenjemera pang'ono nthawi zonse, pafupifupi ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi, kungoti masiku onse sitiona. Adrenaline amangokulitsa manjenje omwe alipo kalewo. Ndiye kumuuza munthu kuti usanjenjemere ndi kumupatsa ntchito yoti sangaithe, akaona kuti zikukanika mantha aja amaonjezereka.

Ndinaonjezera pulakatisi. Mnyumba zonse zinkayenda myaa, koma kutchalitchi pakangopezeka kagawo koti ndilize ndekha, zija zinkabwerera. Chomwe ndinaona nchakuti nyimbo zothamanga sizinkandivuta ngakhale mtima ukugunda chimodzimodzi. Zofatsa zokha. Ndinkaziona zimenezi koma osadziwa kuti zikutanthauza chiyani.

## Ku Chamama

Mu Juni ndinapita kwa amalume cha ku Chamama kukatenga mtedza. Madzulo ake pakhomo loyandikana nalo anali ataphika thobwa, anthu atasonkhana pabwalo kuwothera moto chifukwa kunkazizira zedi. Panali agogo ena aamuna, okalamba kwambiri, atakhala pachitsa jekete lalikulu lili mthupi. Atawapatsa kapu ya thobwa anailandira ndi manja awiri, koma manjawo ankanjenjemera moti thobwa linkatayikira pajekete, mdzukulu wawo anachita kuwagwirira kunsi kuti amwe.

Kenako mwana wina anathamangira mnyumba nkutuluka ndi kaligo. Kamtondo kakang'ono kokutidwa chikopa, ndodo, waya mmodzi, uta wake kamtengo kopindika komangidwa khonje. Mumtima ndinawamvera chisoni agogowo, ndimati ndi manja amenewa atani naye. Anamutsamiritsa pachifuwa, nkuyamba.

Abale, mawu ake anali amodzi, osaduka, ndipo iwo akuimba pamwamba pake azimayi nkumavomera. Ine ndinasiya kumvera nyimbo, maso onse anali padzanja lawo lamanja. Manjenje aja analipobe, ndinkawaona bwinobwino pomwe timavala wotchi paja ndi kuwala kwa moto, koma pawaya sankafika. Uta sunkaima olo pang'ono, ulendo wonse unkachokera kuchigongono, dzanja likungolendewera, zala zitangoukhudza utawo.

Atapumira ndinasendera pafupi nkunjuta.

"Agogo, pepani ndifunse nawo. Dzanja lanu likunjenjemera koma kaligoyu sakunjenjemera. Mumatani?"

Anandiyang'ana kaye. "Dzanjali linayamba kalekale mwana wanga, ndipo silidzasiya. Ndiye ndizilidikira? Njinga imagwedezeka ukamapalasa mozengereza, ukaiponda imawongoka yokha. Uta nawonso upatseni ulendo."

Ndinawafotokozera kuti inenso ndimaliza choimbira cha uta, cha nsambo zinayi, koma ndachisiya kuboma. Anandipatsira uta wawo. "Tagwirani ndione." Nditagwira anandisisita patsinde pa chala chachikulu, pomwe pali kanyamapa, napeza pali gwa. "Nanga ndani akufuna kukulandani?" Anachigwedeza chalacho mpaka chinapindika. Kenako anaika chikhatho chawo chonjenjemeracho kunsi kwa chigongono changa. "Tulani mkonowu pa ine." Ndinatula. "Simunatule." Ndinayesanso. "Mukadaunyamulabe, phewa lanuli lili kukhutu." Tinakhala choncho kanthawi anthu akutiyang'ana, mpaka ndinamva phewa likutsika, mkono wonse nkugwera mdzanja mwawo, ndinadabwa kuti mkono wanga womwewu umalemera chonchi.

"Eya. Kulemera kumeneku musamasenze inuyo. Mupatseni waya asenze."

Anatenga uta wawo nkuyamba nyimbo ina. Zinathera pomwepo, mmawa ndinakwera galimoto ndi thumba langa la mtedza, koma njira yonse yopita kuboma ndinkangokweza phewa nkulitsitsa, kuyesa kupezanso kugwa kuja.

## Zomwe zimachitika pansambo

Kaligo si vayolini, ndisaname. Uta wake ndi waufupi, kalizidwe kake nkofulumira, sungatengere zonse mmene zilili. Koma nditabwerera nkuyamba kuwerenga ndi kuyesa ndekha, ndinapeza kuti zomwe ananena agogowo zikugwirizana ndi mmene nsambo imalirira.

Ubweya wa uta ndi wa kumchira wa hatchi, ndipo timaupaka rozini, utomoni wouma wa mitengo ya paini, kuti uzimata. Uta ukamayenda ubweyawo umagwira nsambo nkuikokera pambali, nsambo imapulumuka nkubwerera, ubweya nkuigwiranso, choncho choncho. Pa nsambo ya A zimenezi zimachitika ka 440 pa sekondi imodzi. Katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, ndi amene anafotokoza kayendedwe kameneka mzaka za m'ma 1860. Kuti kugwira ndi kupulumuka kumeneku kusasokonekere pamafunika zinthu zitatu zigwirizane: sipidi ya uta, kulemera komwe kuli pansambo, ndi malo omwe uta ukudutsa pakati pa bridge, kathabwa koimirira komwe nsambo zimatsamirapo, ndi kathabwa kakuda kodinapo zala kaja. Pafupi ndi bridge nsambo imafuna kulemera kwambiri ndi uta woyenda pang'onopang'ono. Chakukathabwa kakuda imafuna uta wopepuka koma wothamangirapo.

Tsopano taonani zomwe munthu wamantha amachita pa noti yofatsa. Akufuna mawu apansi, ndiye amaunyamula utawo pang'ono kuti usalemere. Akuopa kuti uta umuthera noti isanathe, ndiye amauumira, kuuyendetsa pang'onopang'ono. Akuopa kuti ugwa kapena uterereka, ndiye amaufinya. Zitatu zonsezi ndi zomwe zimaitana manjenje. Uta wa vayolini umalemera magalamu 60 kapena cha pomwepo, kutalika pafupifupi masentimita 75, ndipo timaugwirira kumapeto kumodzi, kotero kanjenje kakang'ono kuzala kamakakula kutsogoloko. Ndiponso uta womwe tikugwiritsa ntchito lerowu, womwe maonekedwe ake anawakhazikitsa François Tourte ku Paris cha m'ma 1780, ndodo yake ndi yopindikira kuubweya ndipo imanyutuka, kalizidwe kodumphitsa ngati spiccato kamadalira zimenezo, makamaka chapakati pa uta. Ndiye kuti utawu ndi wokonzeka kale kudumpha, umangodikira choudzutsa. Ukaunyamula mmalere ndi zala zolimba, palibe chomwe chikumeza manjenje aja. Ukautula pansambo nkumayenda, nsambo ndi mfundo zofewa za dzanja zimawameza ambiri mwa iwo.

Apa mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake nyimbo zothamanga sizinkandivuta. Uta unkakhala pa ulendo kale.

## Zomwe ndinasintha mdzanja

Chachikulu pa zonse, ndipo ngati mungatengepo chimodzi chokha tengani chimenechi: ndinasiya kuumira uta. Noti yofatsa pano ndimaipeza posendeza uta chakukathabwa kakuda nkuuyendetsa mofulumirirapo, mkono uli chitulire, osati pounyamula ayi. Mawu ake amakhalabe apansi, koma ndi amoyo, ndipo amakafika kumabenchi akumbuyo kuposa aja otsinidwa aja. Ndinatenga pensulo nkulembanso mayendedwe a uta mnyimbo zonse zofatsa zomwe timaimba. Pomwe ndinkalowetsa manoti anayi mu uta umodzi pano ndimaika awiri. Noti yaitali kwambiri ndimaigawa pawiri, kusintha uta pakati mofewa. Ena amati kutero nkuchepetsa luso, ine sindivomereza, oliza mma orchestra, magulu akuluakulu a zoimbira aja, amasintha uta pakati pa noti yaitali nthawi zonse, ndipo mtchalitchi palibe amawerenga kuti watsitsa kangati, anthu amamva mawu.

Chala chachikulu chizikhala chopindika. Chikangowongoka nkulimba, dzanja lonse limalimba mpaka kuchigongono, yesani pompano mutagwira bolopeni muone. Kachala kakang'ono nakonso kazikhala kopindika pamwamba pa ndodo, chifukwa uta ukakhala kuchigwiriro kulemera kwake konse kumapendekera kutsogolo ndipo ndi kachala kameneka komwe kamabweza. Kunsonga zimatembenuka, uta umapepuka, ndiye chamkombaphala ndi chomwe chimapereka kulemera kwa mkono. Pa pulakatisi ndimaima dala pakati pa nyimbo nkufunsa chala chachikulucho kuti chili bwanji, ndipo nthawi zambiri pamalo ovuta a zala za kumanzere ndi pomwe ndimachipeza chitalimba, manja awiriwa amapatsirana thenshoni.

Poyambira napo ndinasintha. Kuyamba noti yofatsa kuchigwiriro kwenikweni, uta utaima nji pansambo ukudikira, ndi malo oopsa kwambiri kwa munthu amene mtima ukumugunda. Pano ndimayambira chapatsogolo pang'ono, kapena ndimayamba ndi kukweza uta kuchokera chakunsonga ngati nyimboyo ikulola. Ndipo mkono umayamba kuyenda uta usanakhudze nsambo, kamzungulire kakang'ono mmalere, ndikutulutsa mpweya, kuti pofika pansambo ukhale uli kale pa ulendo. Za mpweyazi musazipeputse. Ambirife pa noti yovuta timasiya kupuma osazindikira, ndipo ukagwira mpweya phewa limakwera lokha.

## Pulakatisi mtima ukugunda

Agogo aja anati dzanja salidikira. Ine ndinkachita pulakatisi nditakhazikika, nditapuma, chitseko chotseka, ndiye mkono wanga unkadziwa kuliza mthupi la bata lokha. Thupi la pagulu unali usanaphunzirepo kuligwiritsa ntchito.

Ndiye pano ndimachita izi. Ndimatuluka panja nkulumpha chingwe kapena kuthamanga kuzungulira nyumba mpaka befu, ndikalowa osapuma ndimanyamula vayolini nkuyamba uta wautali pansambo zosadina, G, D, A, E, kenako mzere woyamba wa nyimbo yofatsa. Poyamba zinkamveka zoipa kwambiri. Koma pang'onopang'ono mkono unaphunzira kuti mtima ukhoza kumagunda mkhosimu, mpweya uli wefuwefu, iwo nkumatulabe kulemera kwake pansambo. Si zofanana ndendende ndi mantha enieni, koma zimayandikira, ndipo tsiku lenilenilo kugunda kwa mtima sikukhalanso kwachilendo.

Maso a anthu nawo ndimachita kuwafuna. Ana a neba ndimawaitana akhale pakhonde andimvere, achemwali anga akabwera ndimawakhazika, kukwaya ndimapempha mphindi ziwiri tisanayambe. Lamulo ndi limodzi, kamodzi kokha, osabwereza, olo uta udumphe pa noti yoyamba ndipitirize. Kukakhala kulibe munthu ndimatsamiritsa foni pawindo nkujambula vidiyo, mungadabwe mmene kadontho kofiira kaja kamagunditsira mtima. Vidiyoyo imathandizanso pena: zomwe iwe umamva ngati chivomerezi pansi pa khutu, patali zimamveka zochepa kwambiri, ndipo kudziwa zimenezo kumachotsako mantha ena.

Uta wautali wapang'onopang'ono, wowerenga masekondi 10, 20, mpaka 30 kuchokera kuchigwiriro kukafika kunsonga, ndimachitabe tsiku ndi tsiku chifukwa umamanga ulamuliro wa dzanja. Koma ndimauphatikiza ndi wina wotsutsana nawo, uta wonse wathunthu mwachangu, fyuu, kuti mkono usaiwale kumasuka.

Kenanso ndi zomwe timadya. Tiyi wambiri, khofi, zakumwa zopatsa mphamvu zija, zonsezi zili ndi caffeine ndipo zimakulitsa manjenje. Njala ndi kusagona nazonso chimodzimodzi. Ndiye taganizani mmene zimakhalira kwathu kuno, wachezera usiku wonse pasiwa ukuimba, mmawa wamwa tiyi makapu awiri opanda chodyera, masana akuti liza wekha. Pano ndikadziwa kuti ndiliza ndimapempha achipembedzo anzanga andilole ndikagoneko maola angapo, ndipo ndimadya kaye kenakake, olo nthochi kapena mbatata.

## Nyengo ya kuno

Uta nawo uziyang'aniridwa, si zonse zili mthupi. Ubweya umamva nyengo. Nthawi ya dzinja umamwa chinyezi nkutalika, mu Okutobala kukauma umafupika nkukungika wokha, ndiye ukamanga sikulu yokungira ubweya mmene unazolowerera mu Febuluwale umapezeka wamangitsa. Uta womangitsa umadumpha msanga. Mpata wapakati pa ndodo ndi ubweya, chapakati pa uta, uzikhala wongokwana pensulo, ndipo ukamaliza kuliza uzimasula. Rozini wambiri amakanda mawu, wochepa amatereretsa uta iwe nkuyamba kudina ndi mphamvu. Ubweya ukakalamba nkuyamba kuthothoka mbali imodzi zimavutanso, ndipo kuno munthu womanga ubweya watsopano sindinamupeze, timadalira wopita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, kapena wobwera kuchokera ku Johannesburg atigulire uta wina. Mauta apamwamba amapangidwa ndi mtengo wa pernambuco wa ku Brazil, koma kwa ife oyenda nayo pakabaza dzuwa likuswa mtengo, wa carbon fibre ndi womwe umapirira. Ndipo kansalu kopukutira thukuta kasamasowe mchikesi.

## Za mapilitsi

Mnzanga wina anandiuza za propranolol, kuti oimba akunja amamwa asanakwere pasiteji. Nzoona. Ndi mankhwala a mtima ndi BP, mgulu la beta blockers, amatchinga adrenaline kuti asathamangitse mtima ndi kunjenjemeretsa manja. Kafukufuku wina wa mzaka za m'ma 1980 pakati pa oimba oposa 2,000 a mma orchestra a ku America anapeza kuti 27 mwa 100 aliwonse anali atawagwiritsapo ntchito. Sindiweruza munthu amene ntchito yake yonse ikudalira mphindi zisanu za mayeso. Koma awa si mankhwala opatsana pachinzake, kwa munthu wa mphumu ndi oopsa kwambiri, chimodzimodzi amene BP yake ndi yotsika kapena mtima umagunda pang'onopang'ono kale. Amene akuwaganizira akaonane ndi dokotala. Ineyo sindimwa, ndipo piritsi silingapinde chala chachikulu chomwe chazolowera kufinya.

## Pomwe pakundivutabe

Mantha sanathe. Ndikaimirira kutsogolo mtima umagundabe, nthawi zina ndimaona ndithu nsonga ya uta ikugwedera ndisanayambe. Chomwe chasintha nchakuti manjenjewo safikanso mmawu ngati kale, ndipo akayamba pakati pa noti ndimadziwa chochita: kutulutsa mpweya, kutsitsa phewa, kuonjezera sipidi ya uta pang'ono. Nthawi zambiri pofika noti yachitatu zimakhala zakhazikika.

Pomwe ndikulimbana napo panopa ndi posinthira uta kuchigwiriro mu nyimbo yofatsa, pomwe ukukwera nkutembenuka kuti utsike. Pamenepo kachala kakang'ono kamasenza zambiri, ndipo ndikatopa kamawongoka, mawu nkugunda pang'ono, gu. Ndiye madzulo aliwonse ndisanayambe china chilichonse ndimayendetsa uta pakagawo ka pafupi ndi chigwiriro pokha, masentimita 15 kapena 20, pansambo zosadina, kukwera ndi kutsika mofewa, maso ali pakachalako pagalasi. Kenako ndimatuluka kukalumpha chingwe nkudzabwereza zomwezo ndili wefuwefu. Ukwati womwe andipempha kuti ndikalize polowa mkwatibwi uli mu Disembala, nyimbo yake ili ndi malo oterewa angapo, ndipo onse ndawazunguliza kale ndi pensulo.